Dzanja Lamanzere la Saidi

1989

Ana anga, za ubwana wanga ku Maganga mwazimva kokwanira kwa azakhali anu, sindizibwereza pano. Ndiyambira pa tsiku limene ndinavala yunifomu yoyera koyamba pa hotela ina ya ku Senga Bay, chifukwa tsiku lomwelo ndinanena bodza limene ndinakhala nalo zaka makumi awiri ndi zitatu. Amayi anu okha ndiwo ankalidziwa.

Zaka ziwiri m'mbuyo mwake ndinkamenya nkhonya. Musaseke, mimbayi yabwera mochedwa. Tinkaphunzira m'holo ina pa boma, chakufupi ndi siteshoni ya sitima, anyamata oposa khumi kulandirana magolovesi mapeyala awiri onunkha thukuta la aliyense. Mphunzitsi wathu, mkulu wina wopuma usilikali, ankandiuza tsiku ndi tsiku kuti: "Chisale, dzanja lamanzere likapita kukamenya lizibwerera pa tsaya. Lakolo likumadzera m'chiuno ngati laiwala kanthu m'thumba." Koma anthu oonerera ankakonda zomwezo. Ndikatsitsa dzanja n'kumavinavina pamaso pa mnzanga, holo yonse inkakuwa dzina langa, ndipo ine ndinasankha kumvera gulu kusiya munthu mmodzi. Kenako kunabwera mnyamata wa ku Nkhotakota, wosadziwa kuvina, wodekha ngati ng'ombe ya pangolo. Anandiyang'anitsitsa ndime ziwiri. Ndime yachitatu anadikira kuti dzanja langa litsike, n'kuponya lamanja lake pa khutu langa lamanzere. Ndinatsitsimuka ndili pa benchi, magazi akutuluka m'khutu. Kuchipatala anati za m'kati zawonongeka, ndipo kuyambira pamenepo khutu limeneli langokhala lokongoletsa mutu.

Amene anandilemba ntchito pa hotela paja anali a Kalinde, mkulu wa maweta, bambo wamfupi amene ankayendetsa chala pa tebulo lililonse kusaka fumbi. Anandiyang'ana zikhadabo, anandiyendetsa ndi thileyi ya matambula odzaza madzi, kenako anafunsa: "Maso ali bwino?" Ndinati ali bwino. "Nanga makutu?" Apo mtima unagunda, koma ndinali nditaima kale mopendeka, khutu lamanja lili kwa iwo. "Ali bwino, bwana." Iwo anati: "Chabwino, chifukwa weta wosamva ine ndimam'bweza tsiku lomwelo. Mlendo sanena kanthu kawiri." Nthawiyo amayi anu anali oyembekezera Tiyamike, ndipo munda wa ku Maganga chaka chimenecho unangobala mapesi. Ndinanama, ndipo sindikunamizani kuti nditabwerera pa tsikulo ndingayankhe zina.

Ndinaphunzira kugwira ntchito ndi khutu limodzi monga munthu amazolowerera njinga yopanda mabuleki. Patebulo ndinkafikira mbali yoti mlendo akhale kumanja kwanga. Ndinkayang'ana milomo yake, ndipo chilichonse waitanitsa ndinkachibwereza mokweza kuti avomere ndi mutu. A Kalinde anafika pomandipereka chitsanzo kwa anzanga: "Taonani Chisale, mlendo amamuyang'ana kumaso, oda amaibwereza. Inu mumangothawa patebulo ngati mwaba." Ine ndinkangomwetulira. Anzangawo akandiitana chakumanzere ine osacheuka, ankati ndine wonyada. Dzina limenelo ndinalilandira ndi manja awiri, poti wonyada sachotsedwa ntchito.

1998

Hotela ija itasintha eni ake, ambiri tinabalalika. Ine ndinapeza malo pa loji ina yaing'ono ya pa gombe lomwelo, ndipo anandiika pa bala. Tsiku loyamba ndinathokoza Mulungu chifukwa cha khoma. Kauntala anaimanga mwakuti ndikaima pa kona, kumanzere kwanga kunali khoma ndi firiji, anthu onse ali kutsogolo ndi kumanja. Firiji siitanitsa mowa. Pa kona imeneyo ndinaimapo zaka khumi ndi zinayi, mpaka simenti inakumbika pamene ndinkaponda.

Patapita kanthawi eni loji anagula kanema ndi dishi, ndipo bala yathu inasanduka bwalo la milandu. Kunkabwera asodzi, ogula nsomba ochokera ku Lilongwe, osema ziboliboli ndi asilikali a ku kampu. Rimoti inkakhala m'thumba la malaya anga, ndipo wofuna kuti ndisinthe tchanelo ankayamba wandipatsa moni. Mwa makasitomala onse, awiri ndi amene sindidzawaiwala. Woyamba a Jafali, ogulitsa usipa wouma, Msilamu wosakhudza mowa, amene ankagula botolo limodzi la zoziziritsa kukhosi masana onse koma phokoso lawo linali la anthu asanu. Wachiwiri Sajeni Mwale, munthu wosakhulupirira chilichonse chonenedwa pa wailesi, ngakhale nthawi. Awiriwa ankakangana pa mpira, pa mvula, pa mtengo wa feteleza, koma pa nkhonya ndiye ankachita kuimirira.

Pamenepa ndi pomwe ndinazindikira chinthu chimene chandisautsa mpaka lero. Bala ikadzaza, mawu a woulutsa sankandifika, phokoso la anthu linkadzaza khutu langa limodzilo. Ndiye ine ndinkangoonera manja ndi mapazi. Masewera akatha ndinkadabwa kumva anthu akukamba nkhondo ina, osati imene ndaona ine. Woulutsa akakuwa kuti uje waponya chibakera choopsa, onse ankalumbira kuti achiona chikulowa, pamene ine ndachiona chikugwera pa golovesi. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa, koma pa bala paja ndinaona kuti munthu atha kutuma mnzake kuti amuonere chinthu chimene chili pamaso pake pomwe. Sindinkatsutsa. Wa pa bala amavomera aliyense, a Jafali ndimawauza kuti "eetu", Sajeni ndimawauza kuti "zoona, bwana", onse n'kuitanitsa lina. Komanso ndinkaopa kuti ndikaonetsa kuti nkhonya ndimazidziwa, wina adzafunsa kumene ndinaziphunzira, ndipo wina wa pa boma adzakumbukira Chisale amene anamunyamula m'holo magazi ali chuchuchu m'khutu.

2011

Chaka chimenechi mukuchikumbukira, mafuta anasowa. Alendo anasiya kubwera poti galimoto zinkangokhala pa mizere ku Lilongwe, magetsi ankazima mmene afunira, ndipo jenereta tinkailiza maola awiri okha kuti nyama isawole. Manijala wathu anali mayi Chirwa, mayi wamalamulo, woyenda ndi mpukutu wa makiyi m'chiuno, wosakondera munthu. Dizilo wa m'zigubu ankamuyeza okha ndi kamtengo kamene anakalemba mizere. Eni ake atalamula kuti antchito achepe, iwo anaitana aliyense payekha n'kumuuza pamaso, osati kukhoma pepala pa chitseko. Tonse otsala tinkadziwa kuti kachifukwa kakang'ono kakwanira kuti munthu anyamule katundu.

Pa geti panali mlonda wa masana dzina lake Saidi, mwana wa msodzi, bambo wa ana awiri. Ankamenya nkhonya, ndipo anthu ankamutcha Mwera, dzina la mphepo imene imabweza mabwato kumtunda. Akaweruka ankapachika thumba la mchenga pa mtengo wa mango kuseri kwa kochapira, n'kulimenya mpaka mango osapsa kugwa. Tsiku lina ndikukasiya mabotolo opanda kanthu ndinaima kumuonera. Mapazi anali opepuka, lamanja linali lolemera ngati musi. Kenako ndinaona lamanzere. Linkapita bwino, liwiro ngati njoka, koma pobwerera linkadzera m'chiuno, tsaya ndi khutu zili pamtunda. Ndinaima ndi kireti m'manja, chifukwa ndinali kudziona ndekha.

Kunyumba ndinawauza amayi anu. Iwo anati: "Ndiye mumuuze." Ndinati: "Ndimuuze ngati ndani? Wotsekula mabotolo?" Anasiya kupeta mpunga n'kundiyang'ana. "Mumuuze ngati munthu amene ndimachita kum'kuwira m'nyumba mwanga momwe. Mukufuna mkazi wa Saidi naye azidzakuwa?" Ndinawayankha kuti ino si nthawi yosewera ndi ntchito, ana ali pa sukulu. Iwo sanabwerezenso, ndipo ine ndinakhala chete chaka chathunthu, ndikudutsa pa mtengo wa mango uja nditayang'ana kumbali.

2012

Saidi anapambana nkhondo zingapo zing'onozing'ono, kenako anamuitana ku Lilongwe kukamenyana ndi mkulu wina wa dziko loyandikana nalo, ndime zisanu ndi zitatu, ndipo anati zionetsedwa pa kanema wa kwathu kuno Lamulungu masana. Mayi Chirwa anaona mwayi. Anam'sokera kabudula wolembedwa dzina la loji, anasunga dizilo milungu iwiri, ndipo tsikulo bala inadzaza mpaka anthu ena anakwera pa mawindo. Mawu tinakweza mpaka pamapeto, moti ngakhale ine ndinkamva.

Mlendo womenyana ndi Saidiyo anali wamtali, wachikulire pang'ono, wosathamanga. Woulutsa wathu anam'peputsa belu lisanalire. Saidi akaponya lamanzere n'kulitsitsa, iye ankakuwa: "Taonani Mwera! Manja ali pansi, sakuopa munthu, imeneyo ndiye sitayilo ya akatswiri!" Mlendo uja akaponya lamanja n'kupeza khutu la Saidi, ankati: "Aa, chimenecho changomupukuta thukuta." Ndime yachisanu ndi chimodzi miyendo ya Saidi inagwedezeka, iye n'kugwira chingwe, woulutsa anati akuvina. Pomaliza majaji awiri anapereka kwa Saidi, mmodzi kwa mlendo. Bala inaphulika. Ine ndinatsekula mabotolo ambiri tsiku limenelo kuposa pa Khrisimasi, koma sindinasangalale, chifukwa ndinaona mmene mlendo uja ankamuyang'anira Saidi pamene ankam'kweza dzanja. Sanakwiye, ankangoyang'ana ngati munthu amene waona pamene pali chisa ndipo adzabweranso.

Sabata yotsatira uthenga unafika kuti abwerezanso pakatha miyezi itatu, ndime khumi, polimbirana lamba, koma ulendo uno kwawo kwa mlendoyo. Mayi Chirwa anakonza kaphwando Loweruka masana. Munthu wina wa vidiyo pa boma anali atajambula nkhondo ija pa disiki, ndipo tinaionetsanso, Saidi atakhala pa mpando wa kutsogolo, malaya atsopano, aliyense akum'gwira pa phewa.

Mkangano unabuka ndime yachitatu isanathe. Sajeni Mwale anati: "Amwene, tisanamizane, uyu woulutsa anadya za ndani? Chibakera cha mlendo sakuchiwerenga, cha Saidi chikaphonya akuti chalowa. Kukanakhala kwina, ife tinaluza apa." A Jafali anadzuka, kofia ili m'manja. "Walahi, Sajeni, inu nsanje idzakuphani! Munthu uja ali pomwepo, pafupi ndi chingwe, akuona ndi maso ake, anapita kusukulu ya zimenezi. Inu mukuonera pa Senga Bay pano mudziwe kuposa iye?" Sajeni anati: "Kusukulu anakaphunzira kukondera?" A Jafali anati: "Nanga mumafuna achemerere mlendo? Mwana wa kwanu akamavina mumaimbira wa eni?" Anthu anaseka n'kuomba m'manja. Wina anati kutsitsa manja ndi umboni wakuti munthu ndi dolo, wina anati ngakhale akatswiri a kunja amatero. Saidi ankangomwetulira, ndipo ndinaona kuti mawu a woulutsa aja wawaloweza, milomo yake inkayenda nawo limodzi.

Sindikudziwa kuti dzanja langa linalowa liti m'thumba. Ndinangoona ndadina rimoti, mawu azima, zithunzi zokha zikuyenda. Anthu anakuwa poganiza kuti jenereta yavuta. Ndinati: "Pepani akuluakulu, ndatseka dala. Amene anapambana sindikum'tsutsa. Ndikupempha tingoyang'ana dzanja lamanzere la Saidi, ndime imodzi yokha, popanda wotiuza." Ndinabweza disiki n'kuyamba kuwerenga mokweza. Likapita n'kubwerera m'chiuno, ndinkati kamodzi, kawiri, katatu. Pofika kasanu ndi kawiri lamanja la mlendo linali litalowa kanayi pamalo amodzimodzi, ndipo popanda mawu aja chibakera chilichonse chinkaoneka kulemera kwake, mutu wa Saidi ukuchita kupendama.

Saidi anaimirira, nkhope itada. "Madala," anatero, "ndimakulemekezani. Koma mwandiyalutsa pamaso pa anthu, pa phwando langa. Dziko lonse lamva kuti ndinamenya bwino. Inu za nkhonya mwazidziwira kuti, m'mabotolo?" Anthu ena anaseka. Mayi Chirwa anali ataima pa khomo ndi makiyi awo, akundiyang'ana ndi diso lakuti tsekulani mawuwo tipitirize.

Ana anga, apa ndi pamene panali mphambano. Ndikanatha kunena kuti pepani, ndimangocheza, n'kudinanso rimoti. Aliyense akanaiwala pofika madzulo. Ndinaganiza za fizi yanu, za anzanga amene anachotsedwa popanda cholakwa, za a Kalinde ndi mawu awo akuti weta wosamva amam'bweza tsiku lomwelo. Ndinachita mantha kwambiri, sindibisa. Koma ndinadziwanso kuti mawu okha Saidi sangawamve, poti ine ndemwe sindinawamve pamene ankanenedwa ndi mphunzitsi wanga, munthu wodziwa kuposa ine. Ndinatuluka pa kona yanga ija n'kukaima pakati pa anthu.

Ndinati: "Saidi, ine ndinamenyapo nkhonya m'holo ya pa boma iwe uli m'manja. Dzanja langa linkabwerera m'chiuno ngati lakoli, ndipo anthu ankandiimbira ngati mmene akukuimbiramu. Bwera uime kumanzere kwanga." Anabwera monyinyirika. Ndinatseka khutu lamanja ndi chikhatho n'kuyang'ana kutsogolo kuti ndisaone milomo yake. "Lankhula chilichonse, monga umalankhulira ndi munthu." Ndinadikira. Ndinaona a Jafali akutsitsa maso, ndinaona Sajeni akuika botolo pansi, ndipo ndinadziwa kuti Saidi walankhula. Ndinachotsa dzanja n'kunena kuti: "Sindinamve kanthu. Zaka makumi awiri ndi zisanu khutu ili silinamvepo mwana wanga akulira. Amene ankandichemerera aja palibe ndi mmodzi yemwe anandiperekeza kuchipatala." Chimene ananena Saidi tsiku lija sindinachifunse mpaka lero. Anatola kapu yake n'kutuluka, phwando n'kuthera pomwepo.

Lolemba m'mawa mayi Chirwa anandiitana ku ofesi. Anayamba akhala kumanja kwanga, ndipo kachinthu kameneko kanandipweteka kuposa mawu awo. Anati: "A Chisale, ntchito mwagwira bwino, palibe mlendo anadandaulapo. Koma pa fomu yanu munalemba kuti mulibe vuto lililonse, ndipo tsopano Senga Bay yonse yadziwa. Eni ake akufuna ndichotse anthu ena awiri. Ndikakusiyani pa bala, dzina lanu likhala loyamba. Ndikuikani ku sitolo, muzikasunga sopo ndi matawulo. Kumeneko sakuonani." Ndinati zikomo, mayi. Sanali ankhanza, ndipo wonama ndinali ine. Komabe nditapereka rimoti ndi chotsekulira mabotolo kwa mnzanga amene analowa m'malo mwanga, ndinakalowa m'sitolo muja, chipinda chopanda windo chonunkha sopo, n'kulira ngati mwana. Ku bala kunali anthu, nkhani, ndi kangachepe kamene alendo amasiya pa kauntala. Chaka chimenecho njinga yanga ndinagulitsa, ndipo tsopano mwadziwa chifukwa chake.

Saidi anakhala masiku asanu ndi anayi osandipatsa moni. Ndikamadutsa pa geti ankapeza choyang'ana m'buku la alendo. Ndinayamba kuganiza kuti ndataya bala pachabe. Tsiku lakhumi, nthawi ya nkhomaliro, chitseko cha sitolo chinada, ndipo nditatukula mutu ndinamuona ataima ndi magolovesi pa khosi. Anazungulira mashelefu mpaka anafika kumanja kwanga. "Madala, disiki ija ndaionera kunyumba kwa mlamu wanga, mawu nditatseka. Ndawerenga ndekha. Mundionetse."

Ndinatenga khala kukhitchini n'kulipaka pa chala chachikulu cha golovesi yamanzere. Ndinamuuza kuti akaponya, dzanja libwerere n'kukhudza tsaya, ndipo tikamaliza ndikufuna kuona tsaya lakuda. Tsiku loyamba tsaya linali loyera, kabudula ndiye anada m'chiuno. Amayi ochapa ankaseka mpaka kugwira m'mimba. Ndinadula kamtengo ka bango, ndipo dzanja likatsika ndinkam'gogoda nako pa khutu, pang'ono pokha koma pamalo pake penipeni. Ankakwiya, nthawi zina ankataya magolovesi n'kunena kuti ndikum'chotsa liwiro, kuti akumenya ngati nkhalamba. Mawa lake ankabweranso. Pakutha pa miyezi iwiri ankaweruka pa mtengo wa mango paja tsaya lili bii ngati wogulitsa makala.

Nkhondo yachiwiri inaonetsedwa ndi kanema wa dziko la mlendo uja, ndipo tinaipeza pa dishi, Lamulungu masana. Ndinaima kumbuyo, pafupi ndi chitseko, ngati kasitomala wopanda ndalama. Oulutsa anali awiri, onse a kwawo. Saidi akalowetsa chibakera ankakamba za nyengo, wawo akaphonya ankakuwa ngati wagwetsa njovu. Ndime yachiwiri isanathe a Jafali anali ataimirira. "Walahi awa ndi abodza! Akuonera nkhondo iti? Tsekani mawuwo!" Sajeni anaseka mpaka kutsokomola. "A Jafali, si paja munati iwo ali pafupi ndi chingwe, anapita kusukulu?" A Jafali anati: "Awa akunama. Wathu uja ankangolimbikitsa." Mawu anatsekedwa, ndipo bala yonse inaonera ndime zisanu ndi zitatu zotsalazo mwakachetechete, kumangomveka jenereta kuseri. Kenako ndinaona milomo ya a Jafali ikuyenda, ndipo nditasendera pafupi ndinamva akuti: "Labwerera. Labwerera. Labwereranso."

Mlendo uja anasaka khomo lake lija la pa khutu lamanzere ndime zisanu ndi ziwiri osalipeza, lamanja lake likungogwera pa golovesi. Ndime yachisanu ndi chitatu Saidi anatopa, dzanja linatsika kamodzi kokha, ndipo chibakera chinafika nthawi yomweyo. Anagwada bondo limodzi. Anadzuka woimbira masewera asanamalize kuwerenga, anakweza golovesi pa tsaya, ndipo silinatsikenso mpaka belu lomaliza. Majaji onse atatu anapereka kwa mlendo, ndipo sanabere, anapambanadi.

Anthu anatuluka ali khuma. Ena anandiuza pamaso kuti ndamuwononga Mwera, kuti akanamenya mwa sitayilo yake yakale akanabwera ndi lamba. Funso limenelo ndalitembenuza m'mutu zaka zambiri, ndipo yankho lenileni ndilibe. Mwina akanapambanadi. Woulutsa wathu uja sindimuda monga ndinkamudera poyamba. Naye ali ndi bwana, naye amadziwa chimene anthu akufuna kumva, ndipo ine amene ndinakhala zaka khumi ndi zinayi ndikuyankha "eetu" kwa aliyense pa kauntala sindingam'ponye mwala. Kusiyana kwake n'kwakuti bodza langa linkabisa khutu langa, pamene lake linkaika pamtunda khutu la mwana wa eni.

Lero

Pa bala sindinabwererenso. Ndinapuma ntchito mu 2019 ndikuchokera m'sitolo momwe muja, ndipo matawulo ndinawapereka okwana. Saidi anamenya zaka zina zitatu, kupambana ndi kuluza, lamba sanam'gwirepo. Pano ali ndi bwato la injini, ndipo akamaphunzitsa achinyamata pa mchenga ndimamva kuti amayenda ndi khala m'thumba. Amayi anu amati ndinachedwa chaka chathunthu, ndipo sindiwatsutsa.

Koma chimene ndikufuna musunge ndi cha Lachitatu limene anabwerako ku nkhondo yachiwiri ija. Ndinapempha chilolezo kwa mayi Chirwa n'kukwera minibasi kukam'chingamira ku depoti ya pa boma. Nthawi yoyamba ija anam'landira ndi magalimoto olira mahutala, ulendo uno ndinali ndekha. Anatsika ndi kachikwama kake, diso lamanzere litatupa, ndipo atandiona anayang'ana pansi. "Madala, ndakuchititsani manyazi. Linatsika kamodzi." Ndinam'landira chikwama, tinadutsa pakati pa makondakitala okuwa ndi amayi ogulitsa nthochi, ndipo ndinazungulira mwadala mpaka ndinakhala kumanzere kwake, mbali imene chibakera chija chinagwera. Mtima ukugunda ngati tsiku la a Kalinde, ndinalankhula motsitsa, monga munthu amalankhulira m'tchalitchi: "Kodi kunyumba akuphikira chiyani lero?"

Anayankha akuyang'anabe kutsogolo: "Mpunga wa ku Chinguluwe ndi chambo, madala. Tiyeni tikadye limodzi."

Sanatembenuze mutu kuti andimve, khutu lamanzere lija linali likumva. Ndinakhala pansi pa benchi ya pa depoti paja, chikwama chake chili pamiyendo, ndipo anthu odutsa ankaganiza kuti mkuluyu walandira uthenga wa maliro.